Viyolinu wa Selestina ku Ulongwe

Bweretsa kuno telefoniyo, Fatima, ndione nawo. Eya, ndi iyeyo. Taonani mmene watsinzinira, ngati dzino likumuwawa. Inu mumati ndi azakhali anu otchuka, oimba m'maiko a eni, koma kwa ine ndi Selestina basi, mwana amene ankandisanzira kumsana tili ku Dedza nthawi ya nkhondo. Ikani pansi tsopano, manja abwerere ku mbatatesi. Zikuluzikulu m'thumba ili, za mbewu apo, zowola muponyere nkhumba. Nkhani imalowera kukhutu, ndiye palibe chifukwa choti manja aime.

Chimene wapanira pakhosicho amati viyolinu. Ife tisanachione tinkadziwa kaligo: kachitini kokutira ndi chikopa, kamtengo, nsambo imodzi, kwatha. Kuno ku Domwe woimba kaligo anali mkulu wina dzina lake a Bizeki. Ankayenda m'mamowa kuimba nyimbo zonyoza apongozi, anthu n'kumawathirira masese m'chikho, dzuwa likamalowa n'kukawatola m'ngalande miyendo ili m'mwamba. Ankaimba bwino, osanama. Koma palibe bambo amene ankapempha Mulungu kuti mwana wake adzafanane nawo. Agogo anu aamuna, malemu a Felisiyano, akangomva nsambo ikulira, m'maso mwawo munkabwera a Bizeki ndi ngalande ija.

Titabwerako ku Malawi, bambo anu Zuze anagwira khasu, Selestina tinamutumiza ku shikola ya ku misau, kwa ansembe, ankagonera konko. Kumeneko kunali airima ena, abulaza a mpingo, okalamba ochokera ku Ulaya, a ndevu zoposa za agogo anu, ndipo anali ndi viyolinu m'bokosi. Masiku ano a wailesi akamufunsa Selestina kuti anayamba bwanji, amayankha mofatsa kuti nyimbo zinachita kumuitana. Bodza lenileni. Atsikana ophunzira nyimbo kwa airima aja sankapita kumtondo masana. Mwana wanga ankathawa kusinja chimanga, ine ndimamudziwa.

Pa tchuthi anabwera nacho chinthucho kunyumba. Ana inu, musamayese kuti munthu amabadwa akudziwa. Chinkalira ngati ngolo yosathira mafuta. Agalu ankathandizira, mbuzi zinkadula zingwe. Agogo anu anapirira tsiku loyamba, lachiwiri anatuluka m'nyumba atanyamula chipewa.

"Iwe Selestina, kaligo wa azunguyo ndisamumvenso pakhomo panga. Ine ndinakutumiza kuti ukakhale enifirimera, uzibaya anthu jekeseni, osati uzitibaya m'makutu."

Mwanayo anangosamukira kuseri kwa khola la ng'ombe, n'kumakakwecha kumeneko. Makani anatengera kwa bambo ake, osati kwa ine, ngakhale mukusekerera chonchi.

Airima aja ndi amene anamupezera malo ku Maputo. Inu lero mumakwera shapa, timaminibasi tija, pa Ulongwe m'mawa, masana mwafika ku Tete mukudandaula kuti mpando unali wolimba. Nthawi imeneyo msewu unali maenje okhaokha, galimoto unkaikwera pang'ono, kuikankha kwambiri, n'kufika uli wofiira ndi fumbi ngati wafukulidwa. Tsiku loti anyamuke ndinamukazingira chimanga ndi nsawawa, ndinamumangira mu kapulana, chitenje changa chatsopano. Bambo ake analawirira kudimba. Anati kabichi sangadikire. Selestina anaima pamsewu akuyang'anayang'ana njira ya kudimba mpaka woyendetsa anatopa n'kuliza lipenga. Zinandiwawa kwambiri, moti sabata imeneyo ndiwo za agogo anu ndinkaiwala dala kuthira mchere.

Kuchoka ku Maputo anawoloka nyanja. Zaka zinapita, inu n'kubadwa, ine mano n'kuyamba kutsanzika. Ankabwera mwa apo ndi apo. Ulendo wina ndinamuona chipsera chakuda pansi pa chibwano, ndinamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Ndiuze zoona, ndi mwamuna uti amakuluma pamenepa?"

Anaseka mpaka misozi. Akuti ndi viyolinu, chifukwa amamupanira pomwepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kubwereza kamzere kamodzi komweko ngati mwana wosamva wa ku katekisimu. Ndinamupatsa mpeni kuti asende mbatatesi, anabweza. Akuti zala zake zili ndi seguru, inshuwalansi, ngati galimoto. Mwana wobadwira mumsasa wa udzu, zala za seguru. Ndinasenda ndekha, iye ali pambali kupaka utomoni pa uta wake. Utawo akuti ndi ubweya wa kumchira kwa kavalo. Ndinati kavalo ameneyo ali ndi mwayi, mchira wake waona maiko ambiri kuposa bwanamkubwa.

Ndinamufunsa kuti nyimbo zimenezi amapeka yekha. Anati ayi, anapeka ndi azungu amene anafa kalekale.

"Zili ndi mawu?"

"Ayi, amayi."

"Anthu amavina?"

"Amakhala pansi."

"Nanga amakulipira chifukwa chiyani?"

Mpaka lero sanandiyankhe zomveka. Chimene ndinamva n'chakuti moyo wake ndi wa m'ndege ndi m'mahotela, kudya yekha, kugona malo osawadziwa, n'kudzuka kukaima pamaso pa anthu okhala ndi makutu ofuna kukugwira pamene waphonya. Ndinamumvera chisoni, koma sindinamuuze, angadzimve.

Ndi bambo ake ankacheza bwinobwino: za mvula, za ng'ombe imene yabereka, za amene wamwalira. Za viyolinu, zii. Bokosi lija likalowa m'nyumba linkakhala kunsi kwa kama mpaka tsiku lobwerera. Ndiye chaka china, agogo anu atayamba kutupa miyendo ndi kupuma movutikira, Selestina ananditsatira kuchitsime. Ananyamula ndowa yopanda kanthu, poti seguru ija.

"Amayi, ndaimbira anthu a mitundu yonse, osandidziwa n'komwe. Ababa sanamvepo nyimbo yanga ngakhale imodzi. Amangokumbukira phokoso la kukhola lija. Akapita asanandimve, ine ndidzakhala ndavutikiranji?"

Ndinamuyang'ana, munthu wamkulu ndithu, imvi zayamba, koma akulankhula ngati kamtsikana kaja ka pamsewu. Ndinamuuza kuti bambo ake ndi mwala, koma ayese.

Anayesadi, ndipo sanayese pang'ono. Chaka chotsatira, nyengo yozizira, anakonza zoimba mu salau, chinyumba chachikulu cha misonkhano ku Ulongwe. Viyolinu akuti saimba yekha, amafuna mnzake piyano. Piyanoyo inachokera ku Tete pa kamiyau, chigalimoto cha katundu, itakulungidwa m'mabulangete. Poitsitsa, amuna anainyamula mbali ndi mbali akuyenda pang'onopang'ono, chinthu chakuda, chachitali, chonyezimira. Abambo odutsa pamsewu anavula zipewa, mayi wina anagwada. Anafunsa kuti wamwalira ndi ndani wonenepa chonchi.

Woimba piyanoyo anali bambo wina wa ku Maputo, a Horasiyo, woonda ngati bango. Mphepo ya kuno inawalandira bwino, moti ankayenda manja ali m'khwapa, mano akugundana. Achibale atamva kuti Selestina wabwera ndi mwamuna amene amayenda naye maiko onse, anayamba kuwerengera ng'ombe za malowolo. Alamu anga anafika powafunsa kuti kwawo khola ndi lalikulu bwanji. Bamboyo ali ndi mkazi wake ndi ana ake, anangobwera kudzaimba.

Agogo anu ananeneratu kuti iwo sapita. Tsikulo litafika ndinawapeza atavala kazako wawo, jekete la pa ukwati, nsapato atapukuta.

"Nanga abambo a Zuze, ulendo wa kuti?"

"Ndikukagula adubu ku Ulongwe."

Adubu, fetereza ameneyo, mwezi wokolola, tsiku la Mulungu, masitolo otseka. Ndinangoti chabwino, tikwerere limodzi.

Tsopano mverani bwino apa, ndi pamene zinasokonekera. M'mawa wa tsiku lomwelo Selestina anali atandikhazika pansi. Anati nyimbo zake ndi zazitali, zili ndi zigawo, ndipo pakati pa zigawo pali popumira. Akaima sikuti wamaliza. Ndiye ndiwauze anthu asaombe m'manja, asalulute, asabwere kutsogolo kudzamufupa, mpaka atamaliza. Ankawadziwa anthu akwawo. Ife woimba akatifika pamtima timanyamuka, kumuvinira, kumupukuta thukuta, kumumata kanthu pachipumi nyimbo ili mkati. Inu lero mumangokweza matelefoni m'mwamba ngati mukufuna netiweki, ife tinkalowa m'bwalo ndi thupi lonse.

Ine ndinawauza akatekista ena ake, amene anapatsidwa ntchito yolandira anthu. Dzina ndisiya, ana awo mumaphunzira nawo. Bambo amene uja akapatsidwa mawu awiri amabereka khumi. Salau itadzaza, anthu a ku Domwe, a ku Lifidzi, aphunzitsi, ogulitsa mumsika, ena atakhala m'mawindo, iwo anakwera kutsogolo n'kukweza chala.

"Abale, nyimbo za lero si za ku mowa. Palibe kuomba m'manja, palibe nthungululu, palibe kusuntha. Wa chifuwa atulukiretu. Woimba akaima, akupuma, musamusokoneze. Tisachititse manyazi mwana wathu pamaso pa mlendo."

Anthu anamva. Sindinaonepo Angoni akumvera lamulo ngati tsiku limenelo.

Selestina anatulukira atavala diresi lakuda lofika pansi, a Horasiyo pambuyo. Anawerama, ife chete. Kenaka anayamba kukwecha uku akupotokola timitengo ta kumutu kwa viyolinu, bambo uja akugogoda malo amodzi. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti, "Ndi imeneyi tabwerera?" Pambuyo pake ndinamva kuti ankangokonza nsambo.

Atayamba zenizeni, poyamba sindinamve mutu wake. Awiriwo ankangothamangitsana, uyu akathawa uyu n'kumutsata, bambo woonda uja akumenya piyano ngati yamulakwira. Ndinkangoona zala za mwana wanga, mmene zinkathamangira, ndinati seguru ija ndi yoyenera. Kenaka anaima. Anatsitsa viyolinu, anapukuta pakhosi ndi kansalu. Ife duu. Anayambanso, koma pang'onopang'ono, mawu otsika ngati munthu akulankhula yekha. Pamenepo chinthu chija chinandigwira. Ndinaona tsiku limene tinafika kuchokera ku Malawi, nyumba itagwa, udzu utamera m'chipinda, manda a amayi anga osaoneka pamene ali. Palibe anatchula zimenezo, nyimbo yopanda mawu, koma ndinalira. Nthungululu inakwera mpaka pakhosi, ndinaibweza poluma kapulana. Mzungu amene anapeka nyimbo imeneyo sindimudziwa, koma nayenso zinamuonekera.

Ndinasuzumira agogo anu. Anali atatsamira ndodo, chibwano pamwamba pa manja, nkhope ngati ya woweruza mlandu. Sindinadziwe za mumtima mwawo.

Nyimbo yoyamba inatha, koma ife tikanadziwa bwanji? Ng'oma ikamatha, woimba amamenya kotsiriza aliyense n'kumva. Pemphero lili ndi ameni. Wolankhula pamsonkhano amati ndathera pamenepa. Koma izi, kuima kwa kupuma ndi kuima kwa kumaliza n'chimodzimodzi. Anawerama, inde, koma paja anaweramanso poyamba asanaimbe kanthu. Aliyense ankayang'ana akatekista, akatekista akuyang'ana kudenga. Selestina anamwetulira pang'ono, nayamba ina. Itatha imeneyo, chete yemweyo. Kumwetulira kunachepa. Anaponya diso kwa bambo ake, n'kubweza msanga. Yotsiriza anaimba ngati akumenyana ndi munthu, ubweya wina wa uta unaduka n'kumalendewera. Anamaliza ndi mkono m'mwamba, akupuma wefuwefu. M'salau monse munangomveka mwana akuyamwa.

Anawerama. Anagwira dzanja la a Horasiyo, anaweramanso onse awiri. Anadikira. Kenaka anatembenuka n'kutulukira khomo la kumbali.

Ana inu, kwathu kuno kukhalira munthu chete ataimba ndi chipongwe choposa kumutukwana. Ngakhale woledzera woimba zosokonekera timamuombera m'manja kuti akhale pansi. Chete ndi wa pamaliro ndi pamlandu. Selestina anakulira kuno, ankadziwa zimenezo, ndipo malamulo ake a m'mawa aja anali atawaiwala.

Ife tinakhalabe. Tinkati wapita kukamwa madzi. Nthawi inapita, miyendo inachita dzanzi, palibe wosuntha. Mayi wa kumbuyo uja ananong'onanso kuti mwina wapita kukadzithandiza, tisamuwerengere. Ine mtima unayamba kundiuza zina. Ndinanyamuka mowerama, akatekista akundilozera chala, ndinatulukira khomo lomwe lija.

Ndinamupeza atakhala pa njerwa kuseri, viyolinu atamutsekera kale m'bokosi, diresi lija lili m'fumbi. A Horasiyo anaima chapatali akusuta, akuyang'ana phiri ngati analipanga ndi iwo. Mwana wanga ankalira kulira kwenikweni, kwa mamina.

"Amayi, sindinachitidwepo chonchi kwina kulikonse. Kwathu kwenikweni. Ngakhale munthu mmodzi. Ababa sanasunthe n'chala chomwe. Ndinalakwa kubwera, mawa ndinyamuka."

"Kodi wamaliza?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Ndikufunsa, wamaliza? Chifukwa m'katimo anthu akudikira kuti upume."

Sanakhulupirire. Ndinamugwira pamkono, seguru kapena ayi, ndinamukokera pakhomo kuti asuzumire. Salau yonse inali momwe anaisiyira. Anthu tiii, maso kutsogolo kumene kunalibe munthu, a m'mawindo ali m'mawindo momwemo. Nkhalamba ina inali itafiira maso pobweza chifuwa. Agogo anu ali pa mpando wawo, miyendo yotupa ija ili pa simenti yozizira.

Selestina analowa chimanjamanja, anayenda mpaka pamene panali bambo ake, anagwada.

"Ababa, ndamaliza."

"Wamaliza?"

"Eya, ababa."

"Zonse?"

"Zonse."

Bambo ake anamuyang'anitsitsa. Ine ndinagwira mtima m'manja, chifukwa pakamwa pa bambo amene uja pankatha kutuluka chilichonse. Anakonza kukhosi.

"Ine ndafika mochedwa pa zimenezi, mwana wanga. Katenge chinthu chakocho, uyambenso poyambira."

Amene anali pafupi anamva. Mawu anayenda mpaka kumbuyo kuti zinatha kalekale, ndipo zimene anthu anazimeza masana onse zinatulukira pamodzi. Nthungululu, malikhweru, zifuwa, mipando kugwa. A Horasiyo anathamangira m'kati poyesa kuti kwabuka ndewu, amayi a mumsika anawagwira n'kuwakhazika pa piyano ndodo ya fodya ili kukamwa. Akatekista anakweza chala, palibe anawaona.

Anayambadi poyambira, maso ali otupa. Ulendo uno anthu anabwezera zonse. Amayi anadzaza kutsogolo akuvina nyimbo yosavinika, wina akumupukuta Selestina thukuta, wina akuyala kapulana pansi kuti apondepo. Inenso ndinali momwemo, musandifunse. Atafika pa chigawo chofatsa chija, phokoso linali likadali m'mwamba, viyolinu osamveka. Ndipamene agogo anu anadzuka, munthu woti kudzuka ankachita kumugwira. Anamenya ndodo pa simenti, anatembenukira anthu.

"Takhalani chete inu. Mwana wanga ali pa ntchito."

Uta unamuterereka Selestina, viyolinu analira ngati nkhuku yapondedwa. Ndi pokhapo pamene ndinawamvapo azakhali anu akuphonya.